Zilumba Zokumbukira Utsi: Ulendo wa pa Nyanja ya Seto

Lachiwiri, Naoshima

Nyanja ya Seto ili pakati pa zilumba zitatu zikuluzikulu za dziko la Japan, zomwe ndi Honshu, Shikoku ndi Kyushu, ndipo mkati mwake muli tizilumba mazanamazana. M'chaka cha 1934 boma linaika dera limeneli m'gulu la malo oyambirira otetezedwa chifukwa cha kukongola kwake, komabe nyanja yomweyi ndi imene inasanduka dzala la mafakitale, kumene ankatayako utsi, zinyalala ngakhalenso anthu amene kumtunda sankawafuna. Chandibweretsa kuno n'chofuna kuona ndi maso anga mmene aluso a masiku ano agwirira ntchito pa nthaka ya mbiri yotereyi: kodi ntchito zawo zikuthandiza malo kukumbukira, kapena zikungowaveka chovala chatsopano kuti alendo asaone zipsera?

Sitima yochokera pa doko la Uno imatenga mphindi pafupifupi 20 kufika pa doko la Miyanoura, ndipo chinthu choyamba chimene munthu amaona pa chilumba cha Naoshima si chosema ayi, koma chumuni chachitali ndi mapiri ofiirira a kumpoto kwa chilumbachi. Kumeneko kampani ya Mitsubishi yakhala ikuyenga mkuwa kuyambira 1917, ndipo utsi wa m'zaka zoyambirira unapsereza mitengo mpaka mapiri ena anatsala opanda chomera. Fakitaleyo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Zaluso zili kumwera, komwe Benesse House inatsegulidwa mu 1992, nyumba ya konkire yosungira zaluso, yolembedwa mapulani ndi a Tadao Ando pa ndalama za banja la a Fukutake.

Masana onse ndathera pa khonde la nyumba imeneyi, pomwe zithunzi za a Hiroshi Sugimoto zapachikidwa panja, pa makoma oyang'anizana ndi nyanja. Kuyambira 1980 iwo akhala akujambula nyanja zosiyanasiyana za pa dziko lapansi mwa njira imodzi yokha: theka la chithunzi madzi, theka mlengalenga, popanda bwato, mbalame, gombe kapena mtundu wina kupatula kuda ndi kuyera. Amati awa ndi maonekedwe amene munthu woyamba anawaona monga mmene ife tikuwaonera lero. Zithunzizo anaziika moti mzere wa m'chizimezime wa chithunzi chilichonse ukumane ndi mzere weniweni wa nyanja ya Seto umene ukuoneka pakati pa makomawo, ndipo munthu akaima pamalo oyenera amaona mzere umodzi ukudutsa m'nyanja zojambulidwa, n'kulowa m'nyanja yamoyo, n'kubwereranso m'zojambulidwa. Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti anazisiya dala pa dzuwa, pa mvula ndi pa mphepo yamchere, pamene mwambo wa nyumba zosungira zaluso ndi wobisa chithunzi kuti chisakalambe. Apa mwini wake analola kuti nyengo ikhale mnzake pa ntchitoyo.

M'katimo muli ntchito za a Richard Long a ku England, zimene anapangira pomwepa mu 1997: bwalo la mitengo yokokoloka ndi madzi imene anatola m'magombe a nyanja ino, ndi mabwalo awiri opakidwa pakhoma ndi matope a mtsinje wa Avon wa kwawo. Ndinayandikira mpaka kuona mikwingwirima ya zala zawo m'matopemo, ndi madontho amene anathothokera m'munsi pamene dzanja linkathamanga. Mtengo uliwonse wa pansipo unali kale chinthu china, mwina thabwa la bwato, mwina mzati wa nyumba, ndipo madzi anaufufuta mpaka kutsala wotuwa ndi wosalala.

Dzungu lachikasu la mayi Yayoi Kusama, lija linakokoloka ndi namondwe mu 2021 n'kuikidwanso lina chaka chotsatira, ndangoliona chapatali chifukwa cha mzere wa anthu ofuna kujambulitsa.

Lachitatu, Naoshima

Myuziyamu ya Chichu, yomwe inatsegulidwa mu 2004, inakumbidwa m'kati mwa phiri kuti maonekedwe a chilumba asasokonezeke, ndipo woyang'ana kuchokera kunyanja sangadziwe kuti pali nyumba. Muli ntchito za anthu atatu okha. Kuwala kwa m'zipinda zikuluzikulu kumachokera ku dzuwa kudzera m'mipata ya padenga, choncho chimene munthu waona m'mawa sichifanana ndi chimene angaone madzulo.

Polowa m'chipinda cha a Claude Monet, wojambula wa ku France, amavula nsapato, ndipo pansi pake anayalapo timiyala toyera ta nsangalabwi, tating'ono ngati nsonga ya chala, tokwana mazana a zikwi. Zithunzi zisanu za maluwa a pa dziwe, zimene nkhalambayo inajambula m'zaka zomaliza isanamwalire mu 1926, zili m'makoma oyera opanda ngodya zakuthwa. Nditaima pamaso pa chachikulu kunadutsa mtambo kunja, ndipo chithunzicho chinazilala pang'onopang'ono, zobiriwira zinamira, zofiirira zinatulukira, kenaka zonse zinabwerera m'malo mwake dzuwa litaonekanso. A Monet si waluso wa masiku ano, koma kuwaika m'kuwala kosakhazikika chotere ndi ganizo la masiku ano, ndipo lawayenera, popeza moyo wawo wonse ankalimbana ndi kuwala kosachedwa kusintha. Kwa a James Turrell kuli chipinda chokhala ndi mpata wa mbali zinayi padenga, wopanda galasi, moti munthu amangokhala pa benchi lamwala kuyang'ana thambo mpaka limayamba kuoneka ngati chinthu chogwirika chimene chatsekera mpatawo. Kwa a Walter De Maria kuli masitepe otakata, mpira wa mwala wakuda wa mamita 2.2 pakati pake, ndi zosema zamatabwa 27 zokutidwa ndi golide m'makoma.

Zonsezi n'zokongola kopambana, ndipo zimaphunzitsa diso kudekha, phunziro limene munthu wozolowera kuthamangitsa zithunzi pa foni amalisowa. Komabe ndikuyenera kunena maganizo anga mosabisa: Chichu imakamba za nthawi ya dzuwa ndi mitambo, osati nthawi ya anthu a pa Naoshima. Akanaikumba m'phiri lina, pa chilumba china, ikanakhala yokongola chimodzimodzi. Munthu angatulukemo osadziwa kuti kuseri kwa phiri kuli ng'anjo.

Yankho lina ndinalipeza madzulo m'kachigwa ka Valley Gallery, kotsegulidwa mu 2022. Alendo ambiri amakopeka ndi mipira yonyezimira yachitsulo ya mayi Kusama imene ikuyandama pa dziwe n'kumagundana mphepo ikaomba. Koma m'mbali mwa dziwelo mwandandalika tiziboliboli ta Buddha 88, takuda, tokhakhala, ntchito ya a Tsuyoshi Ozawa ya mu 2006. Chiwerengerocho chikuchokera ku mwambo wa malo opatulika 88 a ku Shikoku, umene anthu a pa Naoshima anautengera kalekale poika tiziboliboli tawo m'njira za pachilumba. A Ozawa anatengera maonekedwe a takale tomweto, koma anaumba tawo ndi zotsalira za m'ng'anjo imene inkasungunula zinyalala zapoizoni zochokera ku chilumba choyandikana cha Teshima. Nkhope zake n'zofatsa monga mwa nthawi zonse, koma thupi lake ndi magalimoto ophwanyidwa ndi mafuta oipa zimene zinadutsa pamoto. Ntchito imeneyi singasamutsidwe popanda kutaya tanthauzo lake, ndipo yandipatsa chifukwa chenicheni chopitira ku Teshima.

Lachinayi, Honmura

Honmura ndi mudzi wakale wa kummawa kwa Naoshima, wa tinjira topapatiza ndi nyumba za matabwa a mkungudza owauka dala pamoto kuti asafumbwe ndi kuwola. Achinyamata atasamukira m'mizinda, nyumba zambiri zinatsala zopanda anthu, ndipo kuyambira 1998 zina mwa izo zinaperekedwa kwa aluso, aliyense yake, kuti nyumba yonse ikhale ntchito imodzi.

Yoyamba inali Kadoya, nyumba ya zaka pafupifupi 200. Munthu akalowa amapeza mdima, ndipo maso akazolowera amazindikira kuti pamalo pamene pankakhala mphasa za banja pali dziwe losaya, ndipo pansi pa madziwo pakuthwanima manambala ofiira, obiriwira ndi achikasu. Ndi makina ang'onoang'ono 125 a a Tatsuo Miyajima, ndipo aliwonse amawerenga kuyambira 1 mpaka 9, n'kuzima kanthawi pamalo pa ziro, n'kuyambiranso. Kuzimako kukuimira imfa, imene m'chiphunzitso cha Chibuda si mathero. Koma mtima wa ntchitoyi uli pa liwiro la manambalawo, pakuti sanalisankhe mwini wake. Anaitana anthu 125 a pachilumba, kuyambira mwana wa zaka 5 mpaka gogo wa zaka 95, kuti aliyense atchere makina ake pa liwiro limene mtima wake wafuna.

Ndinakhala m'mphepete mwa dziwelo nthawi yaitali, ndikutsatira makina awiri oyandikana. Ena ankathamanga moti manambala sankawerengeka, ankangophethira. Ena ankakhala pa 4 mpaka ndinaganiza kuti aima, kenaka mwadzidzidzi anafika pa 5. Sindinafune kuganiza kuti othamangawo ndi a mwana ndipo odekhawo ndi a nkhalamba, chifukwa mwina nkhalamba ndiyo inkaona masiku akuthawa. Ambiri mwa amene anatchera mu 1998 anatsikira kale kulichete, koma liwiro lawo likugundabe m'madzimo, ndipo mu 2018, patatha zaka 20, anthu anasonkhananso kudzatchera kachiwiri, achibale akulowa m'malo mwa omwe anamwalira. Kwa ine iyi ndiyo ntchito yozama kuposa zonse za pa Naoshima, ngakhale kuti ndi yaing'ono poyerekeza ndi zipinda za dzulo. Siikumbutsa za munthu wotchuka kapena tsiku lalikulu, koma za chinthu chimene mbiri yolembedwa siisunga, chomwe ndi mmene munthu wamba ankaimvera nthawi m'thupi mwake.

Pa kaphiri ka pamwamba pa mudzi pali kachisi wa Go'o, wa m'nthawi ya Edo (zaka za 1603 mpaka 1868), amene a Sugimoto anamukonzanso mu 2002. Anaika masitepe a galasi lochindikala, ooneka ngati madzi oundana, ochokera pa kachisiyo kutsikira m'chipinda chamiyala cha pansi pa nthaka. Kuti munthu aone kumunsi kwake amalowa m'kanjira kopanikiza mapewa, atanyamula tochi, ndipo pobwerera amaona kutsogolo kwake kampata kowala kogawika pakati, m'munsi nyanja, m'mwamba thambo, chimodzimodzi zithunzi zawo za pa khonde zija. Anthu a m'mudzi akupembedzabe pa kachisiyu, ndipo ndinaona mayi wina wachikulire akuwerama ndi kuwomba m'manja pamaso pake, osalabadira alendo amene anali pambali.

Ku Minamidera, pamalo pamene panali kachisi wina kale, a Turrell anakonza mdima wandiweyani woti munthu amalowa akupapasa khoma, n'kudikira mphindi zingapo mpaka kuwala kumene kunalipo kuyambira pachiyambi kuyambe kuoneka.

Lachisanu, Teshima

Lero ndalemba mochedwa chifukwa tsikuli linali lolemera. Teshima ndi chilumba cha madzi ambiri ndi nthaka yachonde, chimene kale chinkadyetsa anthu ake mpunga mpaka kutsala wogulitsa, ndipo tsopano chili ndi anthu osakwana 1,000. Alendo ambiri akatsika pa doko la Ieura amalunjika kummawa, kumene kuli myuziyamu. Ine ndinayamba ndi kumadzulo, komwe bungwe la anthu a pachilumbachi limaperekeza ofuna kuona pamalo pamene pankatayidwa zinyalala.

Nkhani yake ili motere. Mu 1978 boma la chigawo cha Kagawa linapereka chilolezo kwa kampani ina chonena kuti iziweta nyongolotsi pogwiritsa ntchito zinyalala zosaopsa, ngakhale kuti eni chilumba anali atakana kwamtuwagalu. M'malo mwa nyongolotsi, kunayamba kufika sitima zodzaza ndi zinyenyeswa za magalimoto ophwanyidwa, mafuta otha ntchito ndi matope a m'mafakitale, ndipo zina ankazitentha poyera, utsi wakuda n'kumakuta midzi. Anthu anadandaula kwa zaka zambiri, koma akuluakulu a chigawo ankati zimenezo si zinyalala, ndi katundu wa malonda. Amene anaimitsa zimenezi mu 1990 anali apolisi a chigawo china, cha Hyogo. Mu 1993 anthu a pachilumba, motsogozedwa ndi loya wotchuka a Kohei Nakabo, anakasuma ku bungwe la boma loweruza nkhani za kuwononga chilengedwe, ndipo mu Juni 2000 bwanamkubwa wa Kagawa anabwera kudzapepesa pamaso pawo. Kuchotsa zinyalalazo kunayamba mu 2003 n'kutha mu 2017, ndipo zinapitirira matani 900,000, kuphatikizapo dothi loipitsidwa. Zinkawolotsedwa pa nyanja kupita ku ng'anjo ya ku Naoshima, komwe kunachokera zoumbira tiziboliboli tija.

Pamalopo tsopano pangokhala chidikha chachikulu cha m'mbali mwa nyanja, chomera udzu mwa apo ndi apo, ndipo wosauzidwa angadutse osadziwa kanthu. M'kanyumba kamene kanali ofesi ya kampaniyo anthu anasungamo zinthu ziwiri zimene sindidzaziiwala. Choyamba ndi chigamba cha khoma la zinyalala, chomatulidwa monga mmene linalili, chotalika kuposa munthu, momwe mukuoneka mizeremizere ya mawaya, mphira, nsanza ndi phulusa, chaka pamwamba pa chaka. Chachiwiri ndi mndandanda wa mayina 549 a anthu amene anasaina dandaulo lija, ndipo pa dzina la aliyense amene anamwalira anamatapo kansalu kakuda. Tinsalu takudato tachuluka kwambiri. Palibe waluso amene anasainira zinthu ziwirizi, komabe pa nkhani ya nthaka, nthawi ndi kukumbukira zikulankhula momveka kuposa ntchito zambiri zimene ndaziona m'nyumba zolemekezeka.

Ndi mtima umenewo ndinakwera njinga kupita ku Karato, kumene minda ya mpunga yotsetsereka ngati makwerero imayang'ana kunyanja. Minda imeneyi inali itagonera, ndipo anthu a m'mudzi anaitsegulanso pamene myuziyamu ya Teshima inkamangidwa. Nyumbayo, yotsegulidwa mu 2010, ndi ntchito ya mmisiri wa mapulani a Ryue Nishizawa pamodzi ndi waluso mayi Rei Naito. Ndi chigoba choyera cha konkire, cha mamita pafupifupi 40 m'lifupi ndi 60 m'litali, chochindikala masentimita 25 okha, chopanda mzati ngakhale umodzi. Pomanga anaunjika dothi kukhala chulu chachikulu, anathira konkire pamwamba pake, ndipo itauma anafukula dothi lonse kudzera m'mipata iwiri yobulungira imene lero ikulowetsa mphepo, mvula, masamba ndi kulira kwa mbalame.

M'katimo mulibe chithunzi kapena chosema. Muli madzi okha, otumphuka m'timabowo tosaoneka bwino ta pansi. Ndinagwada pafupi ndi kabowo kamodzi n'kuona dontho likufufuma pang'onopang'ono, likunjenjemera, kenaka linanyamuka n'kutsetsereka mokhotakhota, linakumana ndi linzake, awiriwo anasanduka kamzere kothamanga, kanaima, kanadikira lachitatu, n'kukathera m'kadziwe kamene kamakula tsiku lonse pansi pa mpata. Pansipo anapakonza moti madzi samwerera kapena kumwazika, koma amayenda ngati amoyo. Anthu amakhala chete osauzidwa kawiri, ena atagona chagada, ena akusuntha mapazi kupatsa njira dontho.

Ndikadayamba ndi nyumba imeneyi ndikadangoti ndi yokongola. Koma munthu amene m'mawa waimirira pamalo pamene madzi a pansi pa nthaka anathiridwa poizoni, amaona china akamayang'ana madzi oyera a chilumba chomwecho akutumphuka pansi ndipo anthu akuwalambalala mwaulemu. Mayi Naito sanalembe mbiri ya zinyalala pakhoma, ndipo sindikunena kuti anali ndi udindo wotero. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mlendo akhoza kufika, kugoma, n'kubwerera osamva n'komwe za kumadzulo, popeza njira ya alendo siidutsa kumeneko.

Dzuwa litapendeka ndinafika pa kanyumba kakuda ka m'mbali mwa gombe, komwe malemu a Christian Boltanski a ku France, amene anamwalira mu 2021, anasungirako kugunda kwa mitima ya anthu. Anayamba kujambula mawu a mitima mu 2008, ndipo nyumbayi inatsegulidwa mu 2010. M'chipinda chachitali chamdima muli babu limodzi lolendewera, limene limayaka ndi kuzima motsatira mtima wa munthu wina wosadziwika, uku mawu ake akugunda mwamphamvu mpaka kumveka m'chifuwa cha womvera. Mlendo aliyense akhoza kusiyamo wake. Ntchito imeneyi ndi m'bale wa manambala a ku Kadoya, koma imasiyana pa chinthu chimodzi: ku Kadoya anthu 125 aja ankadziwana, ndipo adzukulu awo angaloze makina a agogo awo, pamene kuno mitima ndi ya alendo a m'maiko onse amene anadutsa kamodzi.

Loweruka, Inujima

Inujima ndi kachilumba koti munthu amakazungulira wapansi osatopa. Kanatchuka ndi miyala yake yolimba, imene inakamangira malinga a ku Osaka ndi ku Okayama. Mu 1909 anamangapo ng'anjo yoyengera mkuwa, mwa zina pofuna kuti utsi ukhale kutali ndi mizinda, ndipo anthu anakhamukirako zikwizikwi. Patangotha zaka pafupifupi 10 mtengo wa mkuwa unagwa ndipo ng'anjoyo inatsekedwa. Lero okhalapo sakwana 50, ambiri mwa iwo okalamba.

Mabwinjawo anakhala chomwecho zaka pafupifupi 90, mpaka mu 2008 pamene waluso a Yukinori Yanagi ndi mmisiri wa mapulani a Hiroshi Sambuichi anawasandutsa myuziyamu osawagwetsa kapena kuwapaka utoto. Makoma ake ndi a njerwa zakuda zoumbidwa ndi zotsalira za mkuwa, zolemera modabwitsa, zonyezimira ngati dzimbiri likakumana ndi dzuwa, ndipo nditaikapo dzanja masana zinali zotentha. Kutentha kumeneko ndi kumene nyumbayi imagwiritsa ntchito: ilibe makina oziziritsa kapena otenthetsa mpweya, koma chumuni chakale chimakoka mpweya kudutsa m'njira ya pansi pa nthaka ndi m'zipinda zagalasi. Chumuni chimene chinkalavula utsi wopha mitengo ndi chimene tsopano chikupumitsa nyumba.

Polowa munthu amayenda m'njira yamdima yokhotakhota, mphepo ikumukankha kumsana. Akacheuka amaona chithunzi cha dzuwa likuyaka moto, akayang'ana kutsogolo amaona thambo lenileni, ndipo akalilole oikidwa pa ngodya iliyonse amachititsa kuti ziwirizi zizioneka molunjika ngakhale akhote kangati. M'zipinda zotsatira muli zitseko, mawindo ndi masitepe a nyumba ya mlembi wina amene ankadzudzula mmene Japan inkathamangira chitukuko, zolendewera m'malere pamwamba pa mwala waukulu wa pachilumbachi wothiridwa madzi. Gawo limeneli linandivuta kulitsatira kusiyana ndi panja, pomwe mitengo yamera m'kati mwa nyumba yopangira magetsi ndipo machumuni ena ang'ambika, akudikira kugwa. Ubwino wa Inujima ndi wakuti sanaimitse kuwonongekako. Anangotsegula njira yoti munthu ayendemo.

Lamulungu, Oshima

Kuchokera ku mzinda wa Takamatsu, pa Shikoku, boti limatenga pafupifupi theka la ola kufika ku Oshima, kachilumba ka magombe oyera ndi mitengo yakale ya paini, imene mwambo umati inabzalidwa pa manda a ankhondo ogonja pa nkhondo ya ku Yashima mu 1185. Kuno zimene zinatayidwa si utsi kapena zinyalala, koma anthu. Mu 1909 boma linatsegulapo malo osungirako odwala khate, ndipo lamulo lowatsekera linakhalapo mpaka 1996, patapita zaka makumi angapo mankhwala ochiza matendawa atapezeka. Ambiri ankasintha mayina pofuna kuteteza abale awo ku manyazi, ofuna kukwatirana ankakakamizidwa kutseketsa kubereka, ndipo phulusa la ochuluka lili m'nyumba ya chikumbutso pachilumba pomwepa chifukwa kwawo kunalibe wolilandira. Otsala lero ndi ochepa kwambiri, onse anachira kalekale, ndipo ambiri apitirira zaka 80.

Chionetsero cha zaluso cha Setouchi, chimene chimachitika zaka zitatu zilizonse kuyambira 2010, chinaphatikiza Oshima kuyambira pachiyambi, eni ake atavomera. Alendo amayamba ndi kuperekezedwa ndi anthu ongodzipereka, amene amafotokoza mbiri ndi kukumbutsa kuti pano ndi pamudzi pa anthu, si malo ongoonerera. Ntchito zambiri zili m'nyumba zazitali za zipinda zondandalika momwe odwala ankagona. A Seizo Tashima anadzaza nyumba imodzi ndi nsomba ndi zamoyo za m'nyanja zopangidwa ndi zinthu zotoledwa pagombe, ndipo m'nyumba ina anafotokoza chipinda ndi chipinda moyo wa bambo mmodzi amene anakhala pachilumbachi zaka 70. Mayi Tomoko Konoike sanamange kanthu kooneka patali: anatsegulanso njira yozungulira phiri la kumpoto, imene odwala achinyamata anailambula ndi manja awo mu 1933 kuti akhale ndi poyenda, n'kudzatsekeka ndi tchire pambuyo pake. Ndinaiyenda yonse. Ndi yopapatiza, yoterera m'malo ena, ndipo pamene mitengo yatseguka munthu amaona gombe la Shikoku pafupi kwambiri, moti nyumba zimawerengeka. Anthu amene anakumba njira imeneyi ankaona kwawo tsiku ndi tsiku.

Panja, pakati pa nyumbazo, pali tebulo la konkire long'ambika pakati, lomatirira zigoba za tizilombo ta m'nyanja. Linali tebulo lopimirapo mitembo, ndipo pofika pachilumbachi odwala ankasainitsidwa chikalata chovomera kuti adzawang'ambe akadzamwalira. Litatha ntchito linatayidwa kunyanja, ndipo mu 2010 linavuulidwa n'kuikidwa poyera. Ndinaona kabowo kotulutsira madzi ndi m'mphepete mwake mokwezeka, ndipo sindinathe kulijambula. Ena anganene kuti chinthu chotere si luso, ndipo n'zoona kuti palibe anachisema kuti chikhale chokongola. Koma kusankha kuchivuula, kuchiika pamene aliyense adutsepo, ndi kusachitsuka zigoba zimene nyanja inachiveka m'zaka zimene chinali chobisika, ndi ntchito yofanana ndi imene a Ozawa anachita ndi zotsalira za m'ng'anjo, ndipo kuno inachitika ndi chilolezo cha anthu amene anzawo anagonekedwapo.

Mu 2001 khoti la ku Kumamoto linagamula kuti boma linalakwa posunga lamulo lotsekera anthuwa, ndipo boma silinachite apilo. Mu 2019 khoti lomwelo linagamulanso mokomera abale awo, amene anasalidwa kusukulu, kuntchito ndi pa maukwati, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lowapatsa chipukuta misozi. Ambiri mwa abalewo anakasuma osatchula mayina awo enieni, poopa kuti anansi angadziwe. Boti lobwerera ku Takamatsu linanyamuka madzulo, ndipo mawa m'mawa ndikwera sitima ya pamtunda yowoloka mlatho wa Seto kupita ku Okayama.